Mabatire a Masiku Awiri

Ukwati wanga utatha, ndinachoka kwathu ku Kanduku ndi mwana kumsana n'kukakhala ndi azakhali anga pa malire a Mwanza. Zinali zaka zija nkhondo ili mkati ku Mozambique, pamene magalimoto akuluakulu opita ku Zimbabwe sankadutsa okha msewu wa ku Tete. Ankayamba adikira kuti achuluke, kenako asilikali n'kuwaperekeza onse pamdipiti umodzi. Kudikirako nthawi zina kunkatenga masiku. Madalaivala ankagona pansi pa magalimoto awo, kuchapa, kusewera bawo, kukangana, ndipo zonsezi zikawakwana ankabwera kudzaonera kanema kumene ine ndinkagwira ntchito.

Kanemayo anali wa bambo ena achisilamu amene anali ndi sitolo pafupi ndi msewu. Azakhali ndi amene anandipemphera ntchitoyo. Kuseri kwa sitolo kunali chipinda chachitali, ndipo abwanawo anaikamo mabenchi, wailesi ya kanema ndi makina a vidiyo, jenereta ili panja. Mazenera tinatseka ndi masaka kuti muzikhala mdima. Ine ndinkasesa, kulowetsa anthu, kuika tepi ndi kuibweza ikatha. Tinkaonetsa katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi chakumadzulo, n'kutseka dzuwa lisanalowe chifukwa abwana sankafuna phokoso la anthu oledzera. M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, fungo la thukuta ndi fodya lili tho. Ndinkaima kumbuyo tsiku lonse mwana ali kumsana, ndipo pofika madzulo miyendo inkakhala ngati si yanga.

Matepi tinali nawo ochepa. Ambiri anali a karate, ndipo amenewo sankavuta. Koma panali ina yaitali imene dalaivala wina anabwera nayo kuchokera ku Zimbabwe. Inali ya anthu a dziko lozizira amene anathawa m'mudzi mwawo n'kuwoloka mapiri oyera ndi chipale. Madalaivala ankaikonda chifukwa inkatha nthawi, ndipo nthawi ndi imene anali nayo yambiri. Munali nyimbo zimene ine ndinali ndisanamvepo, zopanda mawu, za azeze achizungu ambirimbiri olira pamodzi, malipenga, ndi ng'oma zogunda pansipansi ngati mvula ili kutali.

Vuto la tepiyo linali pakati. Bambo wina m'kanemamo akangotseka chipata cha khola n'kutsatira anzake, mawu ankatha zii. Zithunzi zinkapitirira, anthu akuyenda m'phiri atanyamula gogo wodwala pa chitseko, koma osamveka kanthu kwa nthawi yoti munthu n'kukatunga madzi pamjigo n'kubwerako. Apa madalaivala ankayamba kuliza mluzu ndi kumenya mabenchi. Nditawauza abwana, anatenga wailesi ya kaseti imene inali m'sitolo n'kundipatsa. Chingwe chake cha magetsi chinali chitapsa kale, moti inkayendera mabatire.

"Pakafika pamenepo muziika chilichonse," anatero. "Bola pazimveka kanthu."

Ndinaika kaseti ya rumba. Madalaivala anaseka mpaka ena kugwa pabenchi, ndipo wina anaimirira n'kumavina pamene gogo uja ankatsirizika m'chipale. Abwana anati nkhani yatha. Ine sizinandisangalatse, koma ndinalibe mphamvu zoganizira china. Tinapitiriza choncho kwa milungu ingapo.

Panja pa khoma lathu, mbali yoyang'ana kumsewu, pankakhala bambo wina wosoka nsapato. Anali wachikulire, woonda, mmodzi wa anthu othawa nkhondo amene anali mbwee m'boma lathu masiku amenewo. Ankalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe, ndipo anzake a kwawo ankamutchula kuti Amesitiri, mawu a Chipwitikizi otchulira mphunzitsi kapena katswiri. Ifenso tinangotengera. Ndinkawapatsa moni m'mawa, basi. Tsiku lina ndikutaya zinyalala, anandiitana.

"Mayi, anthu aja mukuwazunza."

"Anthu ati, bambo? Akusekatu."

"Sindikunena madalaivala. Ndikunena oimba aja."

Ndinaima ndi tsache m'manja. Anandiuza kuti kanemayo sanamuonepo, koma tsiku lililonse ankamumva kudzera pakhoma, ndipo nyimbo zake zonse anali atazisunga pamtima. Anati ku Tete ankaliza chitoliro chachitali chakuda m'gulu la oimba a mumzinda kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuwerenga nyimbo papepala. Nkhondo inawapeza ali kumudzi kwa akazi awo. Za chitolirocho ndi za akazi awo sananene zambiri, ndipo ine sindinafunse.

"Anthu aja amakhala akukwera phiri ndi nyimbo yawo bwinobwino," anatero, "inu n'kuwathira madzi otentha kumaso. Kiyi ndi ina, liwiro ndi lina. Ine pano singano imandibaya chala nthawi iliyonse mukadina wailesi ija."

Mawu akuti kiyi ndinkawadziwa, chifukwa kwathu ndinkaimba aluto m'kwaya ya kutchalitchi. Ndinkadziwa kuti woyambitsa nyimbo akaitengera pamwamba, amayi timatsamwa pakati, ndipo akaitengera pansi abambo amangong'ung'udza. Koma ndinali ndisanaganizepo kuti nyimbo ziwiri zosiyana zingagwirizane kapena kudana chifukwa cha zimenezo.

"Ndiye nditani, Amesitiri? Mawuwo munalibe kale pamene tepi inkabwera."

"Mundilole ndidzaone kamodzi."

Mawa lake analowa n'kuima nane kumbuyo. Nthawi yonseyi ankagunditsa chala pabondo. Pamene anthu aja anayamba kukwera phiri, anandinong'oneza kuti ndiyang'ane mapazi awo. Ndinayang'ana. Phazi lililonse linkatera pamodzi ndi kugunda kwa ng'oma, pang'onopang'ono, monga amayendera anthu opita kumanda. Mawu atatha, Amesitiri anagwira liwu lomaliza la azeze aja m'mphuno n'kumaling'ung'udza. Ndinafuna kulankhula koma anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Anatuluka akung'ung'udzabe, ngati munthu wonyamula mbale yodzaza madzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kupuma masana. Anthu a m'mawa akatuluka, Amesitiri ankasiya nsapato zawo n'kulowa, ndipo tinkafufuza m'matepi ena onse. Anati kumapeto kwa kanema aliyense, pamene mayina amakwera m'mwamba, nyimbo imalira yokha popanda wolankhula, ndiye tifunefune kumeneko. Ndinkathamangitsa tepi mpaka kumapeto, iwo n'kumvetsera kanthawi, kung'ung'udza liwu lawo lija, n'kupukusa mutu. Kenako ndinkayenera kuibweza tepiyo mpaka koyambirira anthu a masana asanafike. Mwana ankalira njala, inenso m'mimba muli pululu, ndipo kangapo konse ndinafuna kuwauza kuti tingozisiya.

Pofotokoza chimene ankafuna, anati makiyi ali ngati anthu apachibale. Ena ndi abale a bere limodzi, ukachoka kwa uyu n'kupita kwa uyo suona kuti wasintha nyumba. Ena ndi asuweni, amaseka limodzi ngakhale amasiyana. Koma ena ndi munthu ndi apongozi ake, oyandikana kwambiri koma osayenera kukhala pamphasa imodzi. Anati oipitsitsa ndi oyandikanawo, chifukwa khutu limamva kuti china chake chapotoka koma osadziwa kuti n'chiyani.

Tinaipeza m'kanema wina wachikondi amene madalaivala ankamukana. Kumapeto kwake kunali nyimbo yodekha ya azeze okhaokha. Amesitiri anamvetsera mpaka kutha maso ali otseka, kenako anati, "Iyi ingathe." Tinaijambula poika wailesi ya kaseti pafupi ndi wailesi ya kanema. Ulendo woyamba thiraki inaliza hutala panja. Wachiwiri mwana wanga anatsokomola. Wachitatu unatheka, ngakhale kuti ukamvetsera bwino jenereta inkamveka chapansipansi.

Ndinagula mabatire atsopano m'sitolo ya abwana kuti zonse ziyende bwino, ndipo tinayesa tili awiri. Bambo uja atatseka chipata, ndinadina. Kwa ine zinamveka bwino kwabasi. Nditatembenuka ndinapeza Amesitiri atakwinya nkhope.

"Yakwera," anatero. "Pang'ono pokha, ngati munthu woima pa njerwa imodzi. Ndipo ikufulumira, ikuwasiya anthu aja m'mbuyo. Ndinalakwitsa kumva."

"Koma ikuposa rumba."

"Ndi apongozi amenewa, mayi."

Anatuluka n'kukakhala pa nsapato zawo. Ndinakwiya nawo tsiku limenelo. Ndinali nditataya masana anga ambiri, ndipo munthu amene sankakhala n'komwe m'chipindamo anthu akamaonera ndi amene ankati sizinakome. Ndinaganiza zoti ndizingoiika choncho, afune asafune.

Patapita masiku awiri, anthu a masana akutuluka, ndinapeza Amesitiri ataima pakhomo nsapato ya munthu ili m'manja.

"Mwaichita chiyani?"

"Chiyani?"

"Nyimbo ija. Lero yakhala pamalo pake."

Ndinawauza kuti sindinachite kanthu. Anatenga wailesi ija n'kuitembenuzatembenuza, kenako anatsegula kumbuyo n'kuyang'ana mabatire. Anaseka pang'ono, ndipo kanali koyamba kuwaona akuseka. Anandifotokozera kuti mabatire akayamba kufooka, kaseti imazungulira mochedwerapo. Ikachedwa, liwiro la nyimbo limatsika, ndipo mawu akenso amatsika. Mabatire athu anali atafooka mokwanira kuti munthu uja atsike pa njerwa.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Pofika tsiku lachinayi nyimbo inali itatsika mopitirira, ikukwawa ngati ng'ombe yodwala. Apa m'pamene tinadziwa kuti tikufunika mabatire a masiku awiri, osati atsopano, osatinso otheratu. Ndinapita kwa abwana n'kuwapempha kuti mabatire atsopano aziyamba agwira ntchito m'kawailesi kawo komvera nkhani, kenako azindipatsa ine, ndipo akafooka ndiziwapatsa azakhali aziika mu tochi.

"Anthu amabwera muno kudzafuna mabatire amphamvu," anatero abwana. "Inu mukufuna otopa?"

"Otopa pang'ono, abwana."

Anavomera, poti nkhani ankamvera ndithu tsiku lililonse. Amesitiri ankakanda chizindikiro pa batire lililonse ndi singano yawo yosokera kuti tisasokoneze. M'mawa uliwonse, anthu asanalowe, ndinkaliza chiyambi cha kaseti ija. Iwo ali panja ankagogoda khoma. Kamodzi, ndiye kuti zili bwino. Kawiri, ndisinthe mabatire.

Panatsala nkhani ya polowera ndi potulukira. Amesitiri anati sikokwanira kudina nthawi ina iliyonse, nyimbo iyenera kuyamba pamene phazi likutera, ndipo iyenera kufika pa liwu loyenera pamene mawu a kanema akubwerera, chifukwa ankabwerera m'kiyi ina, ya msuweni. Kuti adziwe kutalika kwa malo opanda mawuwo, anatenga pepala la thumba la simenti n'kumalembapo timizere, tinayi tinayi, akuwerenga m'Chipwitikizi. Anachita zimenezi masiku angapo, nthawi zina ali m'kati, nthawi zina ali pamalo awo panja akumvetsera kaseti pakhoma. Pomaliza anandiuza kuti ndizidina chipata chikangogunda, ndiwerenge mapazi awiri, ndiyeno ndikweze mawu pang'onopang'ono. Kumapeto, mwana wina m'kanemamo akatembenuka kuyang'ana m'mbuyo, ndizitsitsa.

Tsiku limene zonse zinagwirizana, m'chipinda munali anthu odzaza. Chipata chinagunda, ndinadina, azeze athu analowa pamene a m'kanema anasiyira, ndipo anthu aja anakwera phiri lawo. Palibe analiza mluzu. Palibenso anatembenuka. Potuluka, dalaivala mmodzi anangondifunsa kuti, "Mwagula tepi ina, achemwali?" Ndinapita panja kukawadandaulira Amesitiri kuti ntchito yonse ija palibe ndi mmodzi yemwe waiona.

"Akanaiona ndiye kuti talakwitsa," anatero, maso ali pa nsapato.

Mwina ankanena zoona, koma ine ndinkafuna wina anene kuti zikomo. M'malo mwake ndinangodziwonjezera ntchito. Madalaivala atsopano ankabwera mlungu uliwonse n'kupempha kanema yemweyo, ndipo masiku ena ndinkamuonetsa katatu. Poyamba ndinkatha kukhala pakhomo n'kuyamwitsa mwana kanema ali m'kati. Tsopano ndinkayenera kuima pafupi ndi wailesi chala chili pa batani, kudikira chipata. Nyimbo ija inandilowa m'mutu osatulukanso. Ndinkaimva posinja, pochapa, ngakhale m'tchalitchi. Azakhali anandifunsa kuti bwanji masiku ano ndikuyenda ngati ndanyamula maliro, ndipo ndinazindikira kuti popita kumjigo mapazi anga ankatsatira liwiro la anthu a m'chipale aja.

Amesitiri sanasiye kulemba timizere tawo. Ankati pali malo ena pakati pamene nyimbo ikutsogola pang'ono, ndipo ankafuna kupeza kuti ndi pati. M'mawa wina magalimoto anali atandandalika kukonzekera kunyamuka, asilikali akuyendayenda, iwo ali pamalo awo moyang'ana msewu, milomo ikuwerenga, dzanja likulemba. Anyamata awiri a chipani amene ankayendera makhadi pamsika anawaona. Anawalanda pepalalo n'kuwatenga kupita nawo kwa atcheyamani a m'deralo, akuti agwira munthu wowerenga magalimoto ndi asilikali kuti akauze zigawenga za kwawo.

Mayi wogulitsa nthochi ndi amene anadzandiuza. Ndinathamangira m'sitolo. Abwana atamva anakhala pansi pa thumba la mpunga. Masiku amenewo nkhani yotere inkatha kumeza munthu pamodzi ndi onse amene ankamupatsa moni.

"Ndikawaitana atcheyamaniwo abwere adzaone okha," anatero. "Inu muzingoyankha zimene akufunsani. Musawonjezere."

Anabwera chakumasana, atcheyamani patsogolo, anyamata aja pambuyo, Amesitiri ali pakati opanda nsapato. Atcheyamani anali bambo wonenepa amene ankaoneka kuti nayenso watopa ndi kutentha. Anayamba ndi kundifunsa khadi la chipani. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kuwaonetsa. Kenako anakhala pabenchi yakutsogolo, pepala la simenti lili pamwendo.

"Munthu uyu akuti timizereti ndi nyimbo. Tiyeni timve."

Ndinathamangitsa tepi mpaka pa chipata. Ndinadina mochedwa ndi phazi limodzi. Ndinaona Amesitiri akutsinzina ngati alumidwa ndi nyerere, ngakhale anali pakati pa mlandu wotero. Anagwada pafupi ndi atcheyamani n'kumaloza kamzere kalikonse ndi chala, akuwerenga, phazi lililonse kamzere kake. Atcheyamani anatsatira mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pofika pakati pa pepala anali akuyang'ana kudenga. Anakweza dzanja kuti ndizimitse.

"Ndiye masiku onsewa mumawerenga mapazi a azungu?"

"Inde, bwana," anayankha Amesitiri.

"Kwanu anthu akutha, inu muli pano kuwerenga mapazi."

Atcheyamani anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya. Anati akuona kuti munthuyu si kazitape, koma wothawa nkhondo malo ake ndi kumsasa, osati m'mphepete mwa msewu wa asilikali. Anati mawa pali lole yopita kumeneko, ndipo asadzamuonenso pakhomalo. Abwana anathokoza kwambiri n'kuwaperekeza mpaka kumsewu.

M'mawa mwake Amesitiri anabwera kudzatenga kabokosi kawo ka zida. Ndinawapatsa mbatata zophika zimene azakhali anakulunga m'pepala. Ndinkafuna kupepesa koma sindinkadziwa kuti ndipepese chiyani, poti amene anayambitsa zonsezi anali iwo.

"Dzulo munachedwa," anatero.

"Ndinkaopa."

"Ndikudziwa. Kukayamba kuzizira mabatire azifooka msanga, mwina tsiku limodzi ndi theka. Musamawerenge masiku okha, muzimvetsera. Khutu muli nalo."

Anakwera lole ija pamodzi ndi anthu ena ambiri, ndipo ine ndinabwerera kukasesa chifukwa anthu a m'mawa anali atayamba kale kufika.

Ndinapitiriza ndekha. M'mawa ndinkaliza kaseti n'kung'ung'udza liwu lija monga ankachitira iwo. Masiku ena ndinkadziwa kuti zakhala bwino. Masiku ena sindinkadziwa, ndipo panalibe womufunsa. Madalaivala sankadandaula ngakhale tsiku limene ndinaiwala n'kuika mabatire atsopano, moti ndinayamba kudzifunsa kuti ndikuvutikira yani. Komabe sindinabwererenso ku rumba. Ndinayesa tsiku lina nditatopa kwambiri, kaseti ili kale m'manja, koma ndinalephera kuiika.

Tepi ija inatha yokha mvula isanagwe. Zithunzi zinayamba kuthothoka, mizere ikuyenda pagalasi, mpaka tsiku lina makina anaitafuna n'kuidula. Abwana anayesa kuilumikiza ndi selotepi koma inadukanso. Anaitaya m'katoni n'kubweretsa makarate ena awiri. Ndinene zoona, mtima wanga unapepuka. Ndinayambanso kukhala pakhomo n'kutambasula miyendo anthu akuonera, ndipo patapita miyezi nyimbo ija inayamba kundisiya.

Za Amesitiri ndinamva kamodzi kokha, kwa mayi wina amene ankapita kumsasa kukagula ufa ndi nyemba kwa othawa nkhondo. Anati aliko, akusokabe nsapato pansi pa mtengo, koma akutsokomola kwambiri. Ndinamuuza kuti akawapatse moni ndi kuwauza kuti ndidzabwera kudzawaona. Ndinkafunadi kupita. Koma kunali kutali, mwana anadwala chikuku, kenako azakhali anathyoka mwendo, ndipo tsiku lililonse lopuma limene ndinkapeza ndinkangofuna kugona. Nkhondo itatha ndinamva kuti anthu a kumsasa uja abwerera kwawo. Sindikudziwa ngati iwo anali m'gulumo. Magalimoto anasiya kudikira pamalire, mabenchi athu anayamba kukhala opanda anthu, ndipo abwana atandiuza kuti ntchito yatha ndinatenga mwana wanga n'kubwerera kumudzi kukalima mtedza.